Ndowa ya Kuseri kwa Chitseko

Chitseko chimene amuna anga, a Ronald, ankafuna kuchotsa Loweruka lija anachipanga ndi bambo awo, malemu a Zebedee Luhanga. N'chamlombwa, cholemera, ndipo sichinalirepo potsegula. A Ronald anati chipinda cha malemu tichigawe pawiri tiikemo ana a ku yunivesite, poti dera lathu lonse la Ching'ambo tsopano lasanduka malo ogona ophunzira, ndipo ana amenewa amafuna chitseko chachitsulo chifukwa cha malaputopu awo. Ine ndinangovomera. Koma sabata yonseyo ndinkachilambalala chipindacho, chifukwa chitseko chimenecho chinkadziwa zimene ndinawabisira amuna anga zaka khumi ndi ziwiri. Ndinaona kuti bambo awo akutha magazi, ndipo ndinakhala chete.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ndinabwera ku Mzuzu nditangokwatiwa, Chitumbuka changa chikuyambira pa "yewo", amene ndi zikomo, n'kutheranso pomwepo. Tsiku loyamba lenileni ndinamva azakhali awo a Ronald akunong'onezana kukhitchini kuti Achewa sadziwa ulemu, akhoza kukhala pampando pamaso pa tatavyala. Tatavyala ndiye apongozi aamuna. Mawu amenewo anandibaya, ndipo ine ndine munthu wosakonda kugonja. Ukaipa dziwa nyimbo. Ndinalumbira kuti pa ulemu ndidzawaposa eni ake omwe. Sindinkayang'ana apongozi kumaso, sindinkatchula dzina lawo, ndikakumana nawo panjira ndinkapatuka n'kugwada, ndipo sindinkalankhula nawo mwachindunji. Akamwana obadwira m'tauni momwemo anali atataya kale theka la zimenezi. Ine mlendo ndi amene ndinazisenza zonse.

Vuto linali lakuti m'nyumbamo munalibe wonyamula mawu. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanabwere. A Ronald ankayendetsa lole pakati pa Mzuzu ndi Karonga, ndipo ankatha masiku anayi kapena asanu ali panjira. Mlamu wanga Lettie, chitsirizira cha a Luhanga, ankagonera kusukulu ku Luwinga. Tinkatsala awiri, nkhalamba ndi mkamwana, oletsedwa kulankhulana koma ofunika kudya. Apongozi ndi amene anapeza nzeru. Tsiku lina m'mawa ndinawamva ali m'chipinda mwawo akulankhula ndi chitseko, chimene pa Chitumbuka amati chijaro.

"Chijaro iwe," anatero, "uza mkamwana kuti mu tiyi wa lero shuga wangodutsamo panjinga."

Ndinaima pakhonde. Kenako nanenso ndinayang'ana thabwalo.

"Chitseko," ndinatero, "uwauze adada kuti shugayo abwera mawa. Njinga yake yaphulika."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo chitseko chinayamba ntchito. Chinkandiuza kuti ndiwo zalowa mchere, kuti mvula ikubwera ndianule zovala, kuti m'busa watsopano amalalikira ngati wailesi yotha mabatire. Nthawi zina chinkandiuza za ntchito yawo. Anali kalipentala, ndipo pamene sukulu ya aphunzitsi ya ku Luwinga inkasanduka yunivesite, iwo anali m'gulu la okhoma mafelemu. "Ndakhomera ana a eni ake zitseko," ankatero, "tsono mwana wane adzatulukira pa chimodzi atavala gauni." Ndinkawakonda munthu wamkulu ameneyo. Ndikunena poyera, chifukwa ali moyo ndinalibe njira yonenera.

Chaka chimene Lettie anamaliza maphunziro, apongozi anayamba kumva ululu pansi pa nthiti za kumanja akadya zamafuta. Kuchipatala anapeza timiyala mu ndulu, ndipo anawachita opaleshoni n'kuchotsa ndulu yonseyo. Zinayenda bwino. Anatuluka patatha masiku asanu ndi limodzi, atanyamula timiyala tawo khumi ndi titatu m'kabotolo. Aliyense wobwera kudzazonda ankamugwedezera kabotoloko ngati maseche. Kunali kutatsala masabata asanu kuti Lettie avale gauni, ndipo suti yawo inali itapachikidwa kale pamsomali.

Chimbudzi chathu nthawi imeneyo chinali kumunsi kwa chitunda, podutsa pa dothi lofiira loterera, ndipo miyezi yozizira ku Mzuzu mvula yowaza simatha. Munthu wa bala la pamimba sakanatha kutsikako. A Ronald anagula ndowa yachitsulo n'kuiika kuseri kwa chitseko cha bambo awo, kenako anakwera lole yawo n'kupita. Wokataya ndowayo sanatchulidwe. M'mawa uliwonse kusanache bwino apongozi ankaitulutsa pakhonde, chogwirira chake n'kugwera pamlomo wa ndowa, ngwee. Ndikamva phokoso limenelo ndinkadikira kuti atseke, ndiye ndinkaitenga, kukataya, kutsuka ndi phulusa, n'kuibwezera. Aliyense ankadziwa kuti ntchitoyo ndikugwira ndine, koma pa mwambo ndinali ndisanaonepo ndowayo. Ngakhale chitseko sichinkaitchula.

Sabata yachitatu, Lachiwiri, ndinavundukula ndowa kuchimbudzi kuja n'kupeza zakuda bii, zomata ngati phula la pamsewu, fungo lake lachilendo. Ndinazidziwa. Amalume anga ku Dowa anadwalapo zilonda za m'mimba, ndipo namwino anatiuza kuti chimbudzi chotero ndi magazi amene adutsa m'matumbo. Dzulo lake apongozi anali atakana chakudya chamadzulo, atagwira pansi pa nthiti. Ndinaima m'chifunga muja nthawi yaitali, ndowa ili m'manja. Kenako ndinataya, ndinatsuka, ndinabwezera. Tsiku lotsatira zinali chimodzimodzi. Lachinayi zinasiya zokha, apongozi anapempha phala n'kuyambanso kuseka, ndipo ine ndinadziuza kuti mwina anali mankhwala.

Lachisanu linali tsiku lokaonetsa bala. A Ronald kunalibe, choncho woperekeza ndinali ine. M'minibasi apongozi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni. M'chipinda cha dokotala ndinakhala pabenchi pafupi ndi khomo, nditayang'ana pansi. Dokotalayo anali wachinyamata, wodekha, ndipo ntchito yake anaigwira. Anaona bala, anadina pamimba, anakoka chikope n'kunena kuti magazi akuoneka ochepa.

"Chimbudzi chili bwanji, adada? Mtundu wake sunasinthe?"

"Chili makora chomene," anatero apongozi, kutanthauza kuti chili bwino kwambiri.

Dokotala anatembenukira kwa ine. "Inu mayi ndinu mukuwasamalira? Mwaonapo chachilendo chilichonse?"

Anandifunsa bwinobwino, m'Chichewa chomveka. Sindinganamizire kuti sindinamve. Ndinkaona msana wa apongozi, kolala ya jekete yawo, makutu awo. Kuti ndiyankhe zoona ndinayenera kuvomera pamaso pawo kuti ndimayang'ana m'ndowa yawo, ndi kufotokozera mlendo zimene ndinaonamo, ndiponso kuwatsutsa iwo atangoyankha kumene.

"Ayi," ndinatero.

Dokotala analemba m'kabuku kawo, anawapatsa mapilitsi owonjezera magazi, n'kunena kuti akaona chachilendo abwerere msanga, asadikire tsiku. Potuluka ndinawanyamulira ambulera.

Zakuda zija zinabwereranso kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mwambo wa Lettie wovala gauni uchitike. Ulendo uno ululu unawapinda pakati, ndipo m'mawa ndowa inali yolemera. Pamwamba pake anali atavundikira nyuzipepala n'kutsendera ndi mwala, chinthu chimene sanachitepo. Nditabwera kotsuka ndinapeza chitseko chili chotsegula pang'ono. Ndinaba kuyang'ana, ndipo ndinaona kuti maso awo achita chikasu.

"Chijaro iwe," anatero, mawu ali otsika, "uza mkamwana kuti ine si mwana. Nkhumanya, ndikudziwa ndithu, kuti ali ndi maso."

Ndinagwada pomwepo.

"Umuuze kuti akandigoneka kuchipatala lero, sanditulutsa sabata ino kapena ya mawa. Lettie avala gauni ine ndili pabedi ndi botolo la madzi pamkono. Loweruka lija likangodutsa ndipita ndekha, ngakhale wapansi. Umuuze kuti ndikupempha. Sindikulamula yayi."

Akanalamula mwina ndikanakwiya, ndipo mkwiyo ukanandipatsa mphamvu. Koma anapempha.

"Chitseko," ndinatero, "uwauze adada kuti ndikuopa."

"Umuuze kuti nanenso."

Masiku otsatirawo ndinachita zimene munthu wamantha amachita, kutanganidwa ndi zosathandiza. Ndinawiritsa masamba a mapeyala mpaka madzi kufiira, poti amati amawonjezera magazi. Ndinawaphikira chiwindi, chisoso, nyemba. Zakuda zija zinasiyanso, monga poyamba, ndipo ndinathokoza Mulungu mopusa ngati wina wakhululukidwa mlandu.

A Ronald anafika Lachitatu. Analowa kwa bambo awo n'kutseka, ndipo anakhalamo nthawi yaitali. Atatuluka anapita m'tauni osadya, n'kubwerako ndi magalasi akuda a bambo awo. A Ronald ndinawapeza kuseri akusamba m'manja. Mawu ndinali nditawakonza usana wonse, koma atafika pakamwa anachepa.

"Adada afooka kwambiri," ndinatero.

"Ndawaona," anayankha osandiyang'ana. "Tithane ndi za Lettie kaye."

Ndinalola kuti zithere pomwepo. Mwamuna wako ungamuuze bwanji za chimbudzi cha bambo ake, iwe amene suyenera n'komwe kudziwa kuti bambowo amapita kuchimbudzi? Funso limeneli lero limandichititsa manyazi. Nthawi imeneyo linali khoma lenileni.

Loweruka kunacha ndi chifunga. Apongozi anavala suti, tayi, ndi magalasi akuda aja, ndipo azakhali anawaseka kuti afanana ndi woimba gitala. Ku Luwinga anakhala maola anayi pampando wapulasitiki osadandaula. Dzina la Lettie litatchulidwa anaimirira okha, popanda wowagwira, n'kukweza ndodo yawo m'mwamba. Pambuyo pake anajambulitsa chithunzi pakhomo la kalasi ina, dzanja lina paphewa la Lettie, lina pafelemu imene ankati anakhoma iwo. Chithunzicho chilipo mpaka lero pabalaza pathu.

Tinabwerera kunyumba masana, anthu atadzaza pabwalo. Ndikugawa mpunga ndinamva mpando ukugwa. Apongozi anali atagwada pansi akusanza magazi, ofiira tsopano, ambiri, pa suti ndi pa nsapato za Lettie amene anathamangira kukawagwira. Gauni anali asanavule.

Kuchipatala tinapeza dokotala yemwe uja. Anawaika magazi, anawaunika pamimba ndi makina, anaitana mnzake wamkulu. Pamene a Ronald ndi Lettie anapita kukayezetsa kuti apereke magazi awo, ine ndinamutsatira dokotala pakhonde n'kumugwira malaya, chinthu chimene mkamwana waulemu sachita.

"Ndinakunamizani tsiku lija," ndinatero. "Aka n'kachitatu. Kawiri konse chinali chimbudzi chakuda, chinkabwera n'kusiya."

Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangotseka maso pang'ono, kenako anandifotokozera. Anati pafupi ndi pamene panali ndulu pamadutsa mtsempha wa magazi wopita kuchiwindi. Mwa apo ndi apo, mwa anthu ochepa kwambiri, khoma la mtsemphawo limafooka pambuyo pa opaleshoni n'kutupa ngati chubu cha njinga chikatumphuka pambali. Chotupacho chimadontha magazi m'njira ya ndulu mpaka m'matumbo, chimadzitseka chokha masiku angapo, chimadonthanso, kenako tsiku lina chimaphulika. Iye anali atangowerengapo m'mabuku. Kudontha koyamba kuja, anati, ndiye chenjezo lokhalo limene matendawa amapereka.

"Ndikananena tsiku lija, akanachira?"

"Sindikudziwa, mayi," anatero. "Tikanafufuza ali ndi mphamvu, magazi tikanakonzeratu. Mwina. Sindingakuuzeni kuti inde, sindingakuuzeninso kuti ayi."

"Mwina" ameneyo ndiye wakhala nane zaka zonsezi. Akanati inde ndikanalira n'kudziwa chimene ndili. Akanati ayi ndikanagona.

Akuwakankha pamachira kupita kufiyeta, anadutsa pamene ndinaima. Ndinayamba kugwada monga mwa masiku onse, koma anatukula dzanja, wokankhayo n'kuima. Magalasi anali atawavula. Anandiyang'ana m'maso, ine n'kuwayang'ananso, koyamba chikwatiwire.

"Rhoda," anatero. Sindinkadziwa kuti dzina langa amalidziwa kulitchula. "Yewo, mwana wane. Namuona."

Ankatanthauza Lettie. Anamwalira ali mufiyeta momwemo dzuwa lisanalowe.

Kumaliro, kumudzi kwawo ku Rumphi, azakhali aja anaimirira pamaso pa azimayi onse n'kunena kuti mkamwana ngati ine kulibe. Anati ndinawasamalira atatavyala mpaka mapeto popanda kuwachititsa manyazi ngakhale tsiku limodzi, ndipo atsikana a masiku ano aphunzire kwa Mchewa ameneyu. Anandiveka chitenje chatsopano. Mpikisano wa ulemu umene ndinalumbirira uja ndinapambana. Chitenjecho sindinachivalepo.

Ndowa ija ndinaiponya m'chimbudzi chakale tsiku limene tinachikwirira. Pamalopo pano pali zipinda zitatu, ndipo mumagona atsikana ophunzira za unamwino. Koma m'mawa uliwonse, kusanache bwino, ndimamva chogwirira chikugwera pamlomo wa ndowa, ngwee, pakhonde la chipinda chija. Sindikunena kuti ndi mzimu. Ndine wa mpingo, ndipo a Luhanga sanali munthu wovutitsa ena. Ndikungonena kuti ndimamva, ndipo miyendo imatsika yokha pabedi ndisanakumbuke kuti palibe chokataya. Lettie akabwera kudzacheza amaima pa chithunzi chija n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino, anawasungira adada tsiku limodzi lokha limene ankalifuna. Ine ndimapita kukhitchini kukaona madzi amene sindinatereke.

A Ronald ndinayesa kuwauza kangapo. Ndinayesa mwana wathu woyamba atabadwa, ndinayesa tikuika chiliza. Ndinkaopa kuti adzandiyang'ana ngati munthu amene anapha bambo awo, ndipo sadzalakwa kwenikweni. Iwo anasiya za malole chaka chotsatira, anakhala munthu wofatsa, wosakonda kukamba za malemu. Ndinkati n'chisoni chabe.

Loweruka lochotsa chitseko linafika. Wowotcherera zitsulo anati abwera cha m'ma teni, choncho a Ronald anadzuka m'mawa kuti amasuliretu mahinjesi. Ndinawapeza atagwada m'kati mwa chipinda, akulimbana ndi sikulu ya m'munsi imene inali itachita dzimbiri. Chitseko chinali chotsegula theka, iwo mbali iyo, ine mbali ino. Ndinazindikira kuti chikangotsika pamenepo, m'nyumba muno simudzakhalanso wondinyamulira mawu. Ndinagwada pamalo anga akale.

"Chitseko," ndinatero.

Phokoso la sikulu linasiya.

"Chitseko, uwauze a Luhanga aang'ono kuti adada awo anayamba kutaya magazi kutatsala masabata awiri ndi theka kuti amwalire. Ndinaona m'ndowa kawiri. Dokotala anandifunsa, ndinakana. Adada anandipempha kuti ndisanene mpaka Lettie avale gauni, ndipo ndinamvera. Uwauze kuti dokotala anati ndikananena, mwina bwenzi ali moyo. Uwauze kuti achite nane chimene akufuna, ndatopa."

Kumunsi kuja mtsikana wina ankatsuka mano pampopi, wailesi ya pafoni yake ikuimba. Ndinadikira kuti chitseko chitseguke ndione nkhope yawo, koma sichinasunthe. Ndinamva akukhala pansi, msana wawo n'kutsamira thabwalo.

"Chijaro iwe," anatero a Ronald, ndipo mawu awo anafanana ndi a bambo awo. "Umufunse mkazi wanga NyaMwale. Magalasi akuda aja, akuganiza kuti ndinagulira dzuwa liti? Ku Mzuzu kuno, mwezi wa chifunga?"

Ndinakumbukira maso achikasu aja.

"Umuuze kuti Lachitatu lija adada anandiuza zonse. Anandionetsa maso, anandiuza za magazi. Lole inali panja, mafuta alimo, chipatala chili apa. Ndikanawanyamula ngati mwana, sakanandiletsa. Anandipempha, ine ndinapita kukagula magalasi kuti Lettie asaone." Anapuma. "Anati mkamwana sakudziwa kanthu, ndisamuvutitse nazo. Umuuze kuti zaka zonsezi ndimaopa tsiku limene iye adzadziwe kuti anakwatiwa ndi munthu wotani."

Ndinatsamira mutu wanga pathabwa. Linali lozizira, ndipo ndinkamva kupuma kwawo kudzera m'menemo. Nkhalamba ija inatipempha aliyense payekha, n'kumuuza aliyense kuti asunge, ndipo tinasunga, pabedi limodzi, zaka khumi ndi ziwiri. Ndinafuna kuwakwiyira malemuwo, koma ndinalephera. Pakanapezeka mmodzi yekha wamwano pakati pa ife awiri, zikanakwanira.

"Chitseko," ndinatero patapita nthawi, "uwafunse ngati m'mawa amamva kanthu pakhonde pano."

"Ndowa," anayankha. Sanadutsirenso kuchitseko. "Ndimamva iwe ukudzuka, Rhoda. Ndimangotseka maso."

Wowotcherera uja anafika nthawi yake, chitseko chachitsulo chili pa njinga yakabaza. Anatipeza tikadali pansi, wina mbali iyi, wina mbali iyo, ndipo anafunsa ngati abwere tsiku lina. A Ronald anamuuza kuti achitsamiritse pakhoma, amuitana. Munthuyo atachoka, a Ronald anatenga sikulu imene anali atamasula kale ija n'kuyamba kuibwezera.

"Lettie akubwera pa Khirisimasi," anatero.

"Ndikudziwa."

"Timuuza ndani?"

Tonse awiri tinayang'ana chitseko.